Phukusi Likakana Kuyenda pa Raspberry Pi ndi Makina Ena Osakhala x86

Aliyense amene amagawa mapulogalamu omangiratu, kaya ndi ma wheel (maphukusi omangiratu a Python), mafayilo a .deb a Debian kapena ma image a Docker, amalidziwa dandaulo ili: pa laputopu ya purosesa ya x86 (ya Intel kapena AMD) zonse zili bwino, koma pa Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ka purosesa ya ARM, zakana. Wodandaula amangolemba kuti pa ARM sizikugwira. Womanga amayankha kuti ARM anaimangira kale. Onse awiri sakunama, n'chifukwa chake nkhaniyo imakoka masabata osapezeka pamene pavuta. Pi Zero yoyamba ija, Pi 4, Pi 5 ndi seva ya Graviton ya Amazon zonsezi ndi ARM, koma fayilo yoyenda pa imodzi ikhoza kugwa pa inzake musanaphethire n'komwe.

Fayilo yomangiratu imadalira zinthu zimene khodi yosamanga silabadira: banja la purosesa, m'badwo wa purosesayo, laibulale ya C imene ili pa makinawo (kawirikawiri ndi glibc), ndi mmene kernel, mtima wa OS, imagawira memori. Pa x86_64 zambiri mwa izi zinafanana kalekale, moti omanga ambiri sanazolowere kuziganizira. Mwayi wake ndi wakuti chilichonse mwa zimenezi chikalakwika chimalira mosiyana ndi chinzake. Mukawerenga uthenga wa vutolo mofatsa mwadziwa kale poyambira, ndiye chonde musamangenso kanthu musanauwerenge.

Yambani mwawafunsa makinawo

Musanayankhe wodandaula, mupempheni akutumizireni zimene zikutuluka akalemba malamulo awa:

```
uname -m
getconf LONG_BIT
dpkg --print-architecture
ldd --version
getconf PAGESIZE
```

Loyambalo palokha lasocheretsa anthu ambiri. `uname -m` imanena za kernel, osati za mapulogalamu amene akuyenda pamwamba pake. Raspberry Pi OS ya 64-bit inatuluka mwalamulo mu February 2022, koma makadi a SD ambiri akadali ndi ya 32-bit, ndipo kuyambira 2023 Pi 4 yokhala ndi OS ya 32-bit imadzuka ndi kernel ya 64-bit pokhapokha mwaikaniza. Ndiye `uname` iti `aarch64` (ARM ya 64-bit, imene imatchedwanso arm64), pamene `getconf` ikuti 32 ndipo `dpkg` ikuti `armhf` (ARM ya 32-bit). Sikiripiti yoikira pulogalamu ikakhulupirira `uname`, imadawuniloda fayilo ya arm64. Kernel imailandira fayiloyo bwinobwino, koma ikafuna `/lib/ld-linux-aarch64.so.1` sikuipeza, ndipo munthu amaona `No such file or directory` pa fayilo imene akuiona ndi maso ake. Bash yatsopano imanena momveka pang'ono, imati `cannot execute: required file not found`.

Mwini Pi 4 angalembe `arm_64bit=0` mu `config.txt` n'kuyambitsanso makina. Koma cholakwa chili kwa inu womanga, ndipo kukonza kwenikweni ndi kusintha sikiripiti kuti izifunsa `dpkg` kapena `getconf`.

pip ikangoima pa "Building wheel"

Dzina la wheel limanena makina amene inamangidwira. Taonani ili: `numpy-1.26.4-cp311-cp311-manylinux_2_17_aarch64.manylinux2014_aarch64.whl`. Likunena kuti ikufunika Python 3.11, glibc 2.17 kapena yoposa apo, ndi ARM ya 64-bit. pip, chida choikira maphukusi a Python, ikapanda kupeza wheel yogwirizana ndi makina anu sidandaula. Imangotenga khodi yosamanga n'kuyamba kumanga pomwepo. Pa Pi Zero, imene ili ndi memori ya 512 MB, ntchito imeneyi imatha maola, ndipo kawirikawiri mapeto ake ndi `Killed signal terminated program cc1plus`, kutanthauza kuti memori inatha ndipo kernel inapha kompaila. `dmesg` ikutsimikizirani zimenezi. Maphukusi ena amafunanso zida zina: cryptography inayamba kufuna Rust pa 3.4 mu 2021, ndipo amene analibe wheel ya makina awo anadzidzimuka nazo.

Kwa munthu amene akukonza Pi yoti ikagwire ntchito kusukulu yakumudzi, kumene magetsi akhoza kuthima ntchito ili pakati ndipo bandulo ndi yowerengera, kusowa kwa wheel imodzi ndi tsiku lonse lotayika. Ichi ndicho chimandichititsa kuumirira kuti omanga aziiona nkhani iyi ngati yaikulu.

Lembani `pip debug --verbose` kuti muone mayina onse amene pip yanu ingalandire, kenako muyerekeze ndi mafayilo amene ali pa tsamba la phukusilo ku PyPI, nkhokwe ya maphukusi a Python. Nthawi zina vuto ndi pip yakale basi: manylinux2014 imafuna pip 19.3, mayina a mtundu wa `manylinux_2_28` amafuna 20.3, ndipo musllinux imafuna 21.2.4. Nthawi zina Python yanu ndi yatsopano kwambiri moti eni phukusi sanaimangire. Koma chifukwa chofala ndi 32-bit. Manylinux1 ya mu 2016, muyezo woyamba wa ma wheel oyenda pa ma Linux osiyanasiyana, inkadziwa x86 yokha. PEP 599 ya mu 2019, imene inakhazikitsa manylinux2014, ndi imene inatsegula khomo la aarch64, armv7l (ARM ya 32-bit), ppc64le ndi s390x, ndipo ambiri analowera pa aarch64 n'kusiya armv7l.

Mpata umenewu anautseka ndi piwheels, ntchito imene Ben Nuttall anayambitsa mu 2017 ndipo Dave Jones anaikulitsa, yomanga maphukusi a ku PyPI pa ma Raspberry Pi enieni. Raspberry Pi OS imabwera italozedwa kale kumeneko mu `/etc/pip.conf`. Pali zinthu ziwiri zimene zimapunthwitsa anthu. Choyamba, piwheels imamangira Python imene imabwera ndi OS, monga 3.9 pa Bullseye ndi 3.11 pa Bookworm, ndiye mukadziikira Python ina mwatuluka m'gulu la othandizidwa. Chachiwiri, ma wheel ake sanyamula malaibulale a OS mkati mwake monga amachitira a manylinux. Kuika kumatheka, koma `import numpy` imagwa ponena kuti `libopenblas.so.0` kapena `libf77blas.so.3` palibe. Tsamba la phukusi lililonse ku piwheels limasonyeza zoti muike ndi `apt`.

Kuti pip isamayambe kumanga mwakachetechete, onjezani `--only-binary=:all:`. Ikasowa wheel idzakana nthawi yomweyo ndipo mudzadziwa phukusi lovutalo. `--prefer-binary` imasankha mtundu wakale wokhala ndi wheel m'malo mwa watsopano wopanda. Ngati Pi ili kopanda intaneti, tengerani zonse pa kompyuta ina:

```
pip download --only-binary=:all: --python-version 3.11 \
  --platform manylinux2014_aarch64 --platform manylinux_2_28_aarch64 \
  -d mawheel -r requirements.txt
pip install --no-index --find-links mawheel -r requirements.txt
```

Ndalemba `--platform` kawiri dala, chifukwa maphukusi ambiri anasamukira ku `manylinux_2_28` CentOS 7, OS imene ma wheel a manylinux2014 amamangidwirapo, itatha kuthandizidwa pa 30 June 2024. Kumanga kukakhala kosapeweka, onjezani swap, chepetsani ntchito zoyendera limodzi zikhale imodzi, ndipo gwiritsani ntchito `pip wheel -w mawheel` kuti chimene mwavutikiracho chisungike ndi kuthandiza makina ena.

Exec format error

Ili ndi losavuta: fayilo ndi ya banja lina la purosesa. `file dzina_la_fayilo` ikuuzani. Mu Docker limabwera ngati image inamangidwa pa laputopu ya x86 yokha, kapenanso mobwerera, inamangidwa pa Mac ya M1 n'kutumizidwa ku seva ya x86. Mnzake ndi `no matching manifest for linux/arm/v7`. Onani zimene image ili nazo ndi `docker buildx imagetools inspect`, ndipo pomanga tchulani onse: `--platform linux/amd64,linux/arm64,linux/arm/v7`. Ngati manifest ili bwino koma vuto lilipobe, fufuzani mu Dockerfile mzere wa `curl` umene ukutenga fayilo ya amd64 osayang'ana makina. Pamenepo ikani `TARGETARCH`, imene Docker imaidzaza ndi dzina la banja la purosesa limene ikumangira.

Illegal instruction

Apa ndi pamene pamathera nthawi ya anthu, chifukwa chilichonse chimaoneka cholondola. Banja la purosesa ndi lomwelo, phukusi laikidwa popanda dandaulo, mwinanso pulogalamu yayamba kuyenda, kenako yafa. Tanthauzo lake ndi limodzi: kompaila inalemba langizo limene purosesa iyi silidziwa, chifukwa ndi ya m'badwo wakale kuposa umene womanga ankaganizira.

Chitsanzo chakale kwambiri ndi `armhf`. Ku Debian, armhf imafuna ARMv7. Pi yoyamba ya mu 2012 ndi Pi Zero zili ndi ARM1176, imene ndi ARMv6, ndipo Raspbian (dzina lakale la Raspberry Pi OS) inabadwa pomanganso Debian yonse kuti iyende pamenepo, koma dzina linatsala lomwelo la armhf. Zotsatira zake n'zakuti `.deb` yomangidwira mu Debian kapena Ubuntu ya armhf imaikidwa pa Pi Zero popanda `dpkg` kukana, n'kudzagwa poyendetsa. Ngati mwalonjeza Pi Zero, mangirani mkati mwa Raspberry Pi OS yeniyeni. Kungopatsa kompaila ya Debian `-march=armv6` sikukwanira, popeza tizidutswa timene imalumikiza ku pulogalamu iliyonse, monga libgcc, tinamangidwa kale ndi malangizo a ARMv7. Mu Go lembani `GOARM=6`, mu Rust sankhani `arm-unknown-linux-gnueabihf` m'malo mwa `armv7-unknown-linux-gnueabihf`. Mukakumana ndi `undefined reference to __atomic_fetch_add_8` polumikiza, onjezani `-latomic`.

Ku 64-bit nkhani ndi yomweyo, yangovala zina. Cortex-A53 ya mu Pi 3 ndi Cortex-A72 ya mu Pi 4 ndi ARMv8.0. Ma seva a ARM amene ambiri amamangirapo masiku ano, monga Graviton2, ndi ARMv8.2, ndipo ali ndi malangizo a atomic otchedwa LSE amene Pi 4 ilibe. Pi 4 ilibenso malangizo a AES. MongoDB 5.0 inayamba kufuna ARMv8.2-A, ndipo kuyambira pamenepo maphukusi ake a arm64 amagwa pa Pi 4 ndi uthenga womwewu. Iwo anachita dala ndipo analemba. Ambiri zimawachitikira osadziwa, kudzera mu `-march=native` kapena `-mcpu=native` imene wina anaika mu `CMakeLists.txt` kapena `setup.py` zaka zapitazo, imene imauza kompaila kuti imangire purosesa ya makina omangirawo. Zili ngati telala amene amadziyeza yekha thupi posoka malaya a kasitomala. Fufuzani mawu akuti `native` mu khodi yanu ndi ya malaibulale onse amene mwanyamula, muchotse, muike `-march=armv8-a`. Musaope kuti pulogalamu ichedwa pa ma seva: kuyambira GCC 10, `-moutline-atomics` imakhala yoyatsa kale, ndipo pulogalamu imasankha yokha poyenda ngati LSE ilipo.

Pali mtundu wachitatu, pamene laibulale imadzisankhira malangizo poyenda koma n'kulakwitsa pozindikira purosesa. numpy 1.19.5 inkagwa choncho pa makina ena a aarch64 monga Jetson Nano, chifukwa cha OpenBLAS imene inali mkati mwake, ndipo anthu ankapulumukira pa `OPENBLAS_CORETYPE=ARMV8`. Kuti mudziwe amene wapalamula, yendetsani pulogalamu mu `gdb`. Ikagwa lembani `bt` kuti muone laibulale, kenako `x/i $pc` kuti muone langizo lenilenilo. Mukaona `ldadd`, `cas` kapena `swp` pa aarch64, ndi LSE. Yerekezani ndi mzere wa `Features` mu `/proc/cpuinfo`: ngati mawu akuti `atomics` palibe, mwapeza.

version GLIBC_2.34 not found

Pulogalamu yomangidwa pa glibc yakale imayenda pa yatsopano, koma yomangidwa pa yatsopano siyenda pa yakale. Debian 11 ndi Ubuntu 20.04 zili ndi 2.31, Ubuntu 22.04 ili ndi 2.35, Debian 12 ili ndi 2.36, Ubuntu 24.04 ili ndi 2.39. Vutoli limavuta kwambiri pa makina osakhala x86 chifukwa ma bolodi ambiri amakhalabe pa OS imene anagulitsidwa nayo, pamene makina omangira amakhala ndi yatsopano. `objdump -T fayilo | grep GLIBC_` ikuonetsani manambala onse a glibc amene fayilo ikufuna, inu muyang'ane yapamwamba. Musauze munthu kuti asinthe glibc pa makina ake, akhoza kuwononga OS yonse. Mangani mkati mwa container ya OS yakale kwambiri imene mwalonjeza.

Kwa ma wheel, ntchito imeneyi ndi ya ma image a manylinux ndi `auditwheel`. `auditwheel show` imanena dzina limene wheel ikuyenera, `auditwheel repair` imalowetsa malaibulale ofunika n'kuipatsa dzinalo. PyPI imakana wheel yotchedwa `linux_aarch64`, ndipo ena akakanidwa amangosintha dzina la fayilo ndi manja kuti lilembedwe manylinux. Musatero. PyPI ilandira, pip iika, ndipo vuto mwalisamutsira kwa munthu amene alibe njira yodziwira chimene chachitika.

Alpine ndi nkhani ina: imagwiritsa ntchito musl, osati glibc, ndipo ma wheel ake ndi a musllinux, amene anakhazikitsidwa ndi PEP 656 mu 2021. Opanga `.deb` a armhf akumbukirenso kuti Ubuntu 24.04 ndi Debian 13 zinakulitsa `time_t` kufika 64-bit pokonzekera chaka cha 2038, ndipo malaibulale ambiri anasintha mayina, monga `libssl3` kukhala `libssl3t64`. Pa armhf kusinthaku kunakhudza ABI, mmene pulogalamu yomangidwa imalankhulirana ndi laibulale, choncho phukusi lakale lofuna dzina lakale limakanidwa, ndipo kulikakamiza n'koopsa. Mangani lina la OS yatsopanoyo.

Zikuyenda pa Pi 4, zikugwa pa Pi 5

Apa purosesa ndi yatsopano, ndiye malangizo si vuto. Onani `getconf PAGESIZE`, imene imanena kukula kwa page, chidutswa cha memori chimene kernel imagawa. Pa x86 yankho limakhala 4096 nthawi zonse, ndipo khodi yambiri inalembedwa ngati kuti ndi choncho kulikonse. Kernel imene Pi 5 imadzuka nayo imagwiritsa ntchito 16384, Asahi Linux pa Mac chimodzimodzi, ndipo RHEL 8 ya aarch64 imagwiritsa ntchito 65536. Uthenga wodziwika ndi `<jemalloc>: Unsupported system page size`, wochokera ku jemalloc, laibulale yogawa memori, wina ndi `ELF load command address/offset not properly aligned`. Mwini Pi 5 angalembe `kernel=kernel8.img` mu `/boot/firmware/config.txt` kuti abwerere ku 4096. Womanga amange jemalloc ndi `--with-lg-page=16`, imene imalola kukula kulikonse mpaka 65536, asachepetse `max-page-size` polumikiza, ndipo mu khodi yake afunse `sysconf` m'malo molemba 4096.

Kumanga mu QEMU, ndi malire ake

Ambiri alibe makina a s390x kapena ppc64le pa desiki, ndiye amamanga kudzera mu QEMU, pulogalamu yotsanzira purosesa ya banja lina, ndi binfmt_misc, kawirikawiri pogwiritsa ntchito cibuildwheel kapena buildx. Njirayi imagwira, ngakhale imachedwa kwambiri. Kwa aarch64 sikofunikanso kwenikweni, popeza kuyambira January 2025 GitHub Actions imapereka makina enieni a arm64 kwaulere kwa ntchito zapoyera. Koma kumbukirani zimene tanena pamwambapa: makina amenewo ndi atsopano kuposa Pi 4.

Choopsa cha QEMU n'chakuti mayeso amapambana pamene samayenera. Mukapanda kuiuza, imadzionetsa ngati purosesa yodziwa pafupifupi malangizo onse, moti `Illegal instruction` simudzamuona mpaka wogwiritsa ntchito atakulemberani. Poyesa ikani `QEMU_CPU=cortex-a53` pa aarch64, kapena `QEMU_CPU=arm1176` pa Pi Zero. Ilinso ndi zolakwa zakezake: pulogalamu ya 32-bit yoyendera pa kernel ya 64-bit ikhoza kulephera kuwerenga foda n'kunena `Value too large for defined data type`, ndipo mankhwala ake ndi kumanga ndi `-D_FILE_OFFSET_BITS=64`. Komanso khodi ya ma thread imene ili ndi vuto la dongosolo la memori ikhoza kuyenda bwino mu QEMU pa x86, chifukwa purosesa ya pansiyo imasunga dongosolo mokhwima kuposa ARM yeniyeni.

Mayeso akalephera pa makina amodzi okha, musathamangire kuwazimitsa. Nthawi zambiri apeza cholakwa chenicheni. Pa Linux ya ARM, PowerPC, s390x ndi RISC-V, `char` ya mu C ilibe manambala ochepera ziro, choncho khodi yosunga zotuluka mu `getchar` mu `char` n'kuyerekeza ndi `EOF` imazungulira osatha. s390x imasunga ma byte kuyambira lalikulu, ndiye khodi yowerenga fayilo pongokopera memori mu struct imatulutsa manambala opanda tanthauzo. Ndi bwino kusatulutsa wheel ya makina amenewo kusiyana ndi kutulutsa imene sinayesedwe, chifukwa pip ikaona wheel siyesanso njira ina.

Maganizo anga ndi akuti pa banja lililonse limene mwalemba kuti mumalithandiza, pakhale makina enieni amodzi, ofooka kwambiri m'banjamo, amene phukusi limaikidwapo pa OS yongoikidwa kumene lisanatuluke. Pi 3 yakale imagwira zolakwa za aarch64 zambiri zimene seva yamphamvu siingaone, Pi Zero imagwira za ARMv6, Pi 5 imagwira za kukula kwa page. Mu README lembani zenizeni: osati ARM chabe, koma ARMv8.0 kupita m'tsogolo, glibc 2.28 kupita m'tsogolo, 32-bit ayi.

Amene akuyamba kumangira RISC-V akumana ndi zomwezi. Debian 13, imene inatuluka pa 9 August 2025, ndi yoyamba kulandira riscv64 mwalamulo, ndipo imamangira RV64GC. Ma bolodi ambiri amene anthu ali nawo, monga VisionFive 2, alibe malangizo a vector, ndipo ena okhala ndi purosesa za T-Head C906 ndi C910 ali ndi vector ya 0.7.1 imene sigwirizana ndi 1.0 yovomerezeka. Mangani ndi `-march=rv64gc`, ndipo wodandaula akabwera mupempheni mzere wa `isa` wa mu `/proc/cpuinfo` pamodzi ndi malamulo asanu aja.